Kutsatira mkungudza: Zomba, Likhubula, Sombani mpaka Phalombe

Lolemba, Zomba

Ndalowa mu Zomba dzuwa litapendeka, miyendo ili dzanzi. Kuyambira pa Balaka kondakitala anatikhazika anayi anayi, ndipo thumba la ufa la mayi wina linagona pamapazi anga mpaka pa depoti. Ulendo wanga ndi wa kuphiri la Mulanje, koma kuno ndadzera dala. Ofesi yofufuza zankhalango m'dziko muno, FRIM, ili kuno, ndipo ena mwa mapepala amene ndanyamula analembedwa ndi Dr Tembo Chanyenga, katswiri wa ku ofesi imeneyi amene anathera zaka zambiri pa mtengo umodzi, mkungudza wa ku Mulanje.

Mapepalawa ndinawawerenga ndili pasukulu, cholinga chili chongokhoza mayeso. Tsopano ndikufuna ndikaponde pomwe manambalawo anatoledwa. Ndawakulunga m'majumbo kuopa chiperoni.

Pa resitihausi magetsi athima, madzi osamba ndi a m'ndowa. Mayi ophika anandipakulira nsima ya usipa ndi mpiru wotendera, ndipo ataona ndikuwerenga ndi tochi ya foni anafunsa ngati ndikulemba mayeso mawa. Nditawauza za mkungudza anaseka. Akuti kwawo kuli kabokosi ka mtengowu kosungiramo makadi a kusikelo ndi zikalata, anagula ndi agogo awo, ndipo mpaka lero ukakatsegula nyumba yonse imamva fungo. Chiswe chinadya denga, kabokosiko sichinakakhudze.

Lachiwiri, phiri la Zomba kenako Bangwe

Mnyamata wa njinga yamoto ananditenga m'mamawa kukwera msewu wokhotakhota uja, mphepo ikulasa m'makutu. Pamwamba pali mikungudza imene inadzalidwa nthawi ya atsamunda. Ndinaima pansi pa umodzi, wa khungwa lofiirira long'ambika mizere, n'kuyang'ana m'mwamba mpaka khosi kuwawa. Munthu wofuna kuona mkungudza wa ku Mulanje waukulu, wamoyo, masiku ano amayamba wabwera ku Zomba. Ngakhale njere zimene zikufesedwa m'manazale a m'tsinde mwa Mulanje zikuchokera m'minda yochita kudzala ngati uno.

Ndinatola kachipatso kake kamodzi pansi, kolimba, kong'aluka panayi, njere zitauluka kale. Kameneka ndi kamene pepala la 2011 la a Chanyenga, lomwe analemba ndi Coert Geldenhuys ndi Gudeta Sileshi, likukamba. Anapita ku Sombani, Chambe ndi Lichenya, malo a pamwamba pa phiri la Mulanje, n'kugawa mitengo m'magulu: yoima yokha, ya m'timagulu tating'ono, ya m'magulu apakati, ndi ya m'magulu akuluakulu. Pa mtengo uliwonse wosankhidwa anathyola zipatso 20 zokhwima n'kuyesa njere zake. Zamoyo zinali 23 pa 100 zilizonse. Zili ngati kusenda mtedza wa chaka cha chilala, makoko anayi njere imodzi. M'chaka cha 2012 anthu atatu omwewa anatulutsanso pepala lina loyesa kutentha ndi kuwala kumene njerezi zimafuna kuti zimere. Ndili pasukulu ndinkaona kuti mapepala awiriwa ndi ogonetsa tulo. Palibe chochititsa nthumanzi, kungowerengetsa njere basi.

Potsika ndinagula masitulobe kwa ana a m'mbali mwa msewu, anayamba ndi K3,000 n'kutsikira pa K2,000. Ndinadya osatsuka, Mulungu adziwa. Ndagona kwa asuweni ku Bangwe, omwe akuti ndili ndi vuto la m'mutu popita kuphiri nyengo yozizira ino.

Lachitatu, Likhubula

Minibasi ya msewu wa Midima inakhala ikudzaza kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 9, ndipo ena mwa omwe anakhala m'mipando anatsika itangoliza injini, anali oitanira. Tinalipira K8,000, kondakitala akuti mafuta akuwagula kwa mavenda. Kudutsa pa Nkando phiri linayamba kudzaza galasi lakutsogolo. Pa Chitakale ndinadya chinanazi chosendasenda n'kukwera kabaza wa ku Likhubula.

Ku ofesi ya zankhalango ndinalembetsa dzina, ndipo anandipatsa wondiperekeza amene inali nthawi yake, bambo a imvi zapatalipatali, olankhula pang'onopang'ono, ndi mnyamata wonyamula katundu. Ufa, soya pisi, tomato, mchere, shuga ndi masamba a tiyi tagula pagolosale, chifukwa pamwamba palibe chogula.

Panjira yopita kogona pali anyamata a ziboliboli. Wina anandiyandikizira kabokosi ka mkungudza pamphuno. "Achemwali, uwu ndi wouma kale, tinachita kukumba chitsa." Mwina amanena zoona, chifukwa zitsa nazo akuzizula. Mtima unafuna, fungo lake si lamasewera, koma ndinabweza. Mtengo umenewu a Kamuzu Banda anautcha mtengo wa fuko mu 1984, nkhalango yake ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo lero ukugulitsidwa ngati ndodo zoyendera pachipata cha nkhalango yomweyo. Sindinamukalipire mnyamatayo. Anandiuza kuti ana ake awiri ali ku sekondale, ndipo ine ndinalibe ntchito ina yoti ndimupatse.

Mtsinje wa Likhubula ukumveka usiku wonse. Madzi ake ena amapita m'mapaipi mpaka ku Blantyre, ndiye amene amatsegula mpopi ku Limbe nkhani ya phirili ndi yawonso, kaya akudziwa kaya ayi.

Lachinayi, Chambe

Njira ya Skyline, yokwera ku Chambe, ndi yoimirira. Pasanathe ola limodzi ndinali nditamwa theka la madzi, mawondo akunjenjemera, ndikudzifunsa chimene ndinalakwira anthu. Amayi osenza nkhuni ankatsika opanda nsapato, mitolo yaitali kuposa iwo eni, ndipo aliyense ankapeza mpweya wondipatsa moni. Anyamata awiri anatidutsa ndi matabwa pamutu, akuthamanga timasitepe tating'ono, maso pansi. Bambo ondiperekeza anangoti, "Paini ameneyo," n'kupitiriza.

Chigwa cha Chambe chinali munda wa paini wochokera ku Mexico, Pinus patula, wodzalidwa nthawi ya atsamunda. Paini anathawa m'munda n'kufalikira m'malo a mkungudza, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linagwira ntchito yaikulu yomudula. Lero pali udzu, zitsa, tipaini tomeranso tokha, ndi mizere ya mbande za mkungudza, zina zofika m'chiuno, zina zopserera.

Alonda a pa nyumba yogona alendo anali atakoleza kale moto. Ataona mmene ndimayendera anatenthetsa madzi m'chidebe n'kundiuza ndiviike mapazi. Sanafunse kanthu.

Titadya ndinatulutsa pepala la 2007 la mu magazini ya Oryx, lolembedwa ndi Julian Bayliss, Steve Makungwa, Joy Hecht, David Nangoma ndi Carl Bruessow, n'kuyamba kuwamasulira bambo aja. Mu 1989 mkungudza unali pa mahekitala 1,462. Atayezanso patapita zaka 15 unatsala pa mahekitala 845. Pa mitengo yomwe inali chiimire, pafupifupi umodzi pa itatu iliyonse unali wouma.

Bambowo anakhala chete, kenako anati, "Zouma zija mukuzidziwa chinaziumitsa?" Bambo awo anali ocheka matabwa. Boma linkapereka chilolezo chocheka mitengo yakufa yokha, ndiye munthu ankapita chaka chino n'kusenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena kusonkha moto patsinde, chaka chamawa n'kubwera ndi sowo ndi chikalata m'thumba. "Lamulo linkafuna wakufa, ife tinkaupha." Ananena mosabisa, mosanyadira. Iwonso ali mnyamata anasenzapo matabwa kuchokera ku Lichenya, ndalama yake n'kugulira yunifolomu. Zilolezo zinatha mu 2007, koma macheka sanasiye kulira, anangosamukira usiku.

Zimenezi ofufuza anazilembanso. Chimene chinandikhudza n'chakuti bambowa sanalionepo pepalali, chonsecho mayina a malo onse amene ali mmenemo amawadziwa mpaka mtengo umene unali pafupi ndi mwala uti. Akuti anaperekezapo anthu a matepi oyezera kangapo, koma palibe anabwerako kudzawauza zimene anapeza.

Lachisanu, Thuchila

Tinadzuka kuli mbee, koma cha m'ma 10 chiperoni chinatipeza pamtunda wopanda pobisala. Nkhungu inatseka mpaka mnyamata wa katundu, amene anali patsogolo panga pang'ono, ndinkangomumva kutsokomola. Pali malo ena njira imadutsa pamsana wopapatiza, mbali zonse ziwiri kuli phompho lomwe sindimaliona koma ndimalimva ndi mphepo. Ndinachita mantha enieni. Bambo aja anandiuza ndigwire lamba wa chikwama chawo, ndisayang'ane kumbali, ndipo anayamba kundifunsa mayina a abale anga mmodzimmodzi mpaka tinaoloka. Za Sapitwa ndi mizimu yake sanayankhulepo tili m'njira, ndipo ine sindinafunse. UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu Julayi 2025 makamaka chifukwa cha chikhalidwe chimenechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ndipo mu nkhungu ija munthu sufuna kutsutsana ndi aliyense.

Chiperoni chomwechi ndiye moyo wa mkungudza. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya mchere imadutsa ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone, n'kudzagunda Mulanje miyezi imene kumunsi mvula kulibe. Tinabisala m'kankhalango ka m'khwawa, ndipo ngakhale mvula yeniyeni sinkagwa, nthambi ndi ndere zolendewera zinkadontha mpaka pansi kuchita chinyezi. Mitengo imakama nkhungu, madziwo n'kulowa m'nthaka. Pamene yadulidwa nkhungu imangodutsa. Ndiye funso limene a zanyengo akulimbana nalo, loti nyengo yadzuwa ikatalika ndi kutentha kukakwera mbande zipirira bwanji, silisiyana ndi funso la macheka. Mkungudza umamera pakati pa mamita 1,800 ndi 2,550 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pamwamba pake ndi miyala yokhayokha. Kothawira kulibe.

Pafupi ndi nyumba ya Thuchila ndinaona timitengo tofanana ndi mkungudza tophukira pachitsa chopsa, ndipo ndinasangalala. Bambo aja anapukusa mutu: "Uwo ndi wachabe, sutalika." Akunena zimene Anton Pauw ndi Peter Linder anatsimikiza mu 1997, kuti paphiri pano pali mitundu iwiri. Widdringtonia nodiflora, womwe umapezekanso ku Zimbabwe mpaka ku South Africa, ukapsa umaphukira. Widdringtonia whytei, wathu weniweniyu, wotchedwa dzina la Alexander Whyte amene anautola kuno mu 1891, ukadulidwa kapena kupsa kwatha, umadalira njere basi. Ocheka matabwa ankaisiyanitsa kalekale poyang'ana thunthu.

Nsima ya lero ndi ya soya pisi wopsereza pang'ono. Ndadya mitanda itatu osachita manyazi. Zovala zonse zikununkha utsi.

Loweruka, Sombani

Tsiku lalitali kuposa onse, kudzera ku Chinzama. Chala chachikulu chatuluka thuza, ndipo mnyamata wa katundu anang'amba kansalu kake n'kundimanga. Kumwamba kunayera, ndipo chakum'mawa mapiri a ku Mozambique ankaoneka mizeremizere. Bayliss uja, akugwira ntchito kuno ku Mulanje mu 2005, anaona pa zithunzi za m'mlengalenga za Google Earth nkhalango yaikulu pa phiri la Mabu ku Mozambique imene asayansi anali asanaifufuze, ngakhale anthu a kumeneko ankaidziwa bwino lomwe. Mu 2024 iye ndi anzake ambiri analemba mu magazini ya Scientific Reports kuti mapiri amenewa, Mulanje, Namuli, Mabu ndi ena, ndi dera limodzi la zachilengedwe lokhala ndi zomera 127 zosapezeka kwina kulikonse, ndipo kuyambira 2000 lataya 18 pa 100 ya nkhalango yake yachinyezi.

Sombani ndi amodzi mwa malo atatu amene a Chanyenga anathyola zipatso zija. Ndinapempha bambo aja andionetse pomwe panali gulu lalikulu. Tinapatuka pang'ono n'kulowa m'malo a zitsa. Zina n'zazikulu moti tinakhalapo awiri. Pali maenje ochekerapo, mitanda yake ikadali pomwepo, ndipo ukapalasa utuchi wakale ndi phazi fungo limatuluka. Moto unadutsapo, zitsa zambiri n'zakuda.

Nkhani ya moto ndi yovuta kuposa mmene timaikambira pa wailesi. Mbande ya mkungudza simera bwino mumthunzi wa nkhalango yothithikana, imafuna poyera, ndipo kalekale moto wa apo ndi apo ndi umene unkatsegula malo otero m'mphepete mwa nkhalango. Koma moto wa chaka ndi chaka, wa alenje ndi wa ocheka matabwa, umapha mbande isanakhwime khungwa. Onjezanipo nsabwe za mitengo, Cinara cupressi, zomwe zinaoneka m'Malawi mu 1986 n'kuyamba kuyamwa nthambi mpaka akatswiri anachita kubweretsa timavu tating'ono toti tizizipha. Komabe pa zonsezi chimene chinamaliza ndi sowo. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha phiri lonseli. Pamene mayiko anagwirizana mu 2019 kuika mkungudza pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko la malonda a zomera ndi nyama, woyang'anira malonda ake, choyang'anira chinali chitatsika kale pamitu ya anthu.

Ndinakhala pachitsa ndi mapepala anga, ndipo kunena zoona ndinakwiya. Chenjezo la 2007 linali lomveka, la manambala, losazungulira. Ofufuza anachita mbali yawo, kuyeza ndi kulemba. Koma pepala la m'Chingerezi lotuluka ku Cambridge silimanga munthu, sililipira mlonda wa nkhalango, silipatsa mnyamata wa ku Fort Lister, m'tsinde mwa phirili, ganyu ina. Amene ankagula matabwa ndi kuwakweza m'malole sanali osauka a m'midzi ino, ndipo malolewo ankadutsa m'misewu yokhala ndi zipata.

Mkwiyo utatsika ndinaona kuti pa mapepala onse m'chikwamamu, amene ali ndi ntchito lero ndi ogonetsa tulo aja. Wofesa nazale afunika kudziwa kuti njere zambiri n'zopanda kanthu m'kati, kuti afese zochuluka bwanji, kuti azisunge potentha bwanji. Mitengo imene a Chanyenga anathyolamo zipatso kulibenso, ndiye kafukufuku ameneyu palibe angamubwerezenso pa Sombani m'moyo wathu uno.

Alonda a pano anatipatsa mbatata yootcha ndipo anakana ndalama. Usiku kunazizira moti ndinagona ndi nsapato.

Lamulungu, Fort Lister mpaka Phalombe

Kutsika kumapweteka kuposa kukwera. Pa Fort Lister tinasiyana ndi anzanga aja, iwo akubwerera ku Likhubula pa njinga yamoto. Bambo aja anapempha pepala la 2007 lija, akuti mwana wawo wa Fomu 3 akawawerengere. Ndinawapatsa, pamodzi ndi jumbo yake.

Kuchokera pano zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 zikuoneka bwino, mizere yoyera yotsika m'mapiri, ndi miyala ikuluikulu pakati pa minda. Agogo ena amene ndinakhala nawo pamthunzi podikira galimoto anati iwo aona Napolo kawiri, wa 1991 wochokera ku Michesi ndi wa Freddy. Anandionetsa ndi ndodo pomwe panali nyumba ya mchemwali wawo. Sindinawafunse zambiri. Anthu ena amafulumira kunena kuti zonsezi n'chifukwa chodula mitengo. Pa mapiri oimirira chonchi mvula ikagwa yochuluka masiku otsatizana nthaka imagumuka ngakhale pali nkhalango, koma phiri lometedwa ndi lopsa limatulutsa madzi mwaliwiro, ndipo a m'munsi ndi amene amalandira. Gulu la akatswiri a zanyengo la World Weather Attribution litafufuza namondwe wa Ana ndi anzake a 2022 linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula, koma linadandaula kuti m'Malawi munalibe malo oyezera nyengo okhala ndi kaundula woyenera kafukufukuyo. Kuwerengetsa kogonetsa tulo komwe kuja, kwa munthu wopita pa chitini choyezera mvula m'mawa uliwonse, n'kumene kukusowa.

Mphunzitsi wina wa pulayimale atamva nkhani yanga ananditengera ku nazale ya m'mudzi mwawo. Manazale otere anayamba ndi ntchito ya 2016 ya Botanic Gardens Conservation International, Mulanje Mountain Conservation Trust ndi FRIM, yomwe inakhazikitsa manazale 10 kuzungulira phirili, anthu n'kumalipidwa pa mbande zimene alera. Amayi atatu anali kuthirira machubu pansi pa chisakasa cha udzu ngakhale ndi Lamulungu, atangochoka kutchalitchi ndi zitenje zawo za chigwirizano. Mmodzi anandiuza kuti pofesa amadziwiratu kuti zambiri sizimera, ndipo mbande ikakwera phiri nkhawa yawo ndi moto wa mu Okutobala. Anafunsa ngati ndabwera ndi oda. Nditati ayi, anaseka n'kundipatsa mpando ndi chinangwa chophika.

Ndafika pa Phalombe boma pa lole ya nandolo, K2,000, nditakhala pamwamba pa matumba. Chipinda ndapeza kuseri kwa msika, madzi otentha alipo. Nsapato yakumanja yang'ambika kutsogolo ndipo wosoka wati ndikaitenge 6 koloko m'mawa, choncho minibasi yoyamba ya ku Zomba kudzera ku Jali indisiya, ndikwera yachiwiri.